Tili pachikwangwani, koma tikuchitapo chiyani?

Mkangano umene wagwira achinyamata a mu Mzuzu masabata apitawa ndi wa zikwangwani zotsatsa mafoni. Unayambira pa pulogalamu ina ya pawailesi, kenaka unafalikira m'magulu a WhatsApp ndi m'matakisi a ku Luwinga, moti ngakhale anyamata a sakaramento, njinga za kabaza, pa siteji akuponyapo mawu. Zikwangwanizo aliyense akuzidziwa. Mnyamata wakuda wometa mwaluso, mahedifoni kumutu, jekete yonyezimira, wadumpha m'mwamba foni ili m'manja. Pambali pake pali mtsikana woyera mbee, tsitsi lofika m'chiuno, akudzijambula. Gulu lina likuti tiombe m'manja chifukwa kale pamalo amenewa pankakhala azungu okhaokha ndipo tsopano pali ife. Ine sindikuomba nawo m'manja. Makampani a zipangizo zamakono anazindikira kalekale kuti munthu wakuda amachititsa katundu kuoneka wotsogola, wa swaga, choncho amabwereka thupi lake, mavinidwe ake ndi katchenedwe kake kuti agulitse. Koma kubwereka maonekedwe a munthu n'kosiyana ndi kumuwerengera. Kuti tidziwe ngati tikuwerengeredwa tiyenera kufunsa zinthu ziwiri: munthu wakudayo akuchita chiyani pachithunzipo, ndipo chipangizo wanyamulacho anachipanga akumuganizira kapena ayi. Mayankho a mafunso onse awiri sakundipatsa chifukwa chosangalalira.

Tiyambe ndi kumene kachitidwe kameneka kanachokera, chifukwa zikwangwani zathuzi sizinabadwire pa Katoto. M'chaka cha 2003 kampani ya Apple inatsatsa kachipangizo kake koimba nyimbo ka iPod ndi zithunzithunzi zakuda bii za anthu ovina, ena a tsitsi la afro, opanda maso, opanda pakamwa. Choyera chokha pachithunzipo chinali kachipangizoko ndi zingwe zake za m'makutu. Malonda anayenda kwabasi. Mu 2014 kampani yomweyo inagula Beats, kampani ya mahedifoni imene inatchuka chifukwa cha dzina la woimba wa ku America Dr. Dre ndiponso oimba ndi osewera akuda amene ankawavala, pa mtengo wa madola 3 biliyoni. Apa zikuonekeratu kuti swaga ya munthu wakuda ili ndi mtengo, ndipo eni makampani amaudziwa bwino. Koma taonani zimene zimachitika nkhani ikachoka pa kuvina n'kupita pa nzeru ndi ulamuliro. Mu 2007 Intel inatulutsa chithunzi cha bwana wachizungu ataimirira mu ofesi, atazunguliridwa ndi othamanga akuda 6 atawerama, pofuna kusonyeza liwiro la makompyuta. Anthu atakwiya, kampaniyo inapepesa. Mu 2009 Microsoft inali ndi chithunzi cha anthu atatu pamsonkhano wa mu ofesi, mmodzi wa iwo wakuda. Pochiika pa tsamba lake la ku Poland anachotsa mutu wa wakudayo n'kuikapo wa mzungu, koma dzanja anaiwala, linatsala lakuda. Nayonso inapepesa. Mukaziika pamodzi nkhanizi, malire amaoneka. Povina, pothamanga ndi potchena, wakuda ndi wofunika. Patebulo lopangira ziganizo, akhoza kufufutidwa.

Mfundo yoyamba ya anzanga otsutsa ndi yakuti bola tikuoneka. Amati mwana amene akukula akuona nkhope yofanana ndi yake pa chinthu chapamwamba amadzikhulupirira, ndipo ife amene tinakula tikuona azungu okha pa makalendala ndi pa makatoni a wailesi tiyenera kudziwa kusiyana kwake. Mfundoyi ndi yoona ndipo sindikuipeputsa. Koma mwana saona nkhope yokha, amaonanso ntchito imene nkhopeyo yapatsidwa. Tiyerekeze kuti pa zikwangwani zonse zimene mwana wa ku Chibavi amadutsa popita kusukulu, munthu wofanana naye akungovina, kuseka ndi kudzijambula. Madzulo akaonera kanema wokhazikitsa foni yatsopano, munthu wofotokoza mmene imagwirira ntchito, ataima pansanja pamaso pa atolankhani, kawirikawiri ndi mzungu kapena wa ku Asia. Phunziro limalowa lokha popanda mphunzitsi: iwo amapanga, ife timagula, iwo amaganiza, ife timakometsera. Phunziro limeneli ndi lakale kuposa foni. M'nthawi ya atsamunda panalibe amene ankatsutsa zoti munthu wakuda ali ndi mphamvu ndiponso amadziwa kuvina. Chimene ankatsutsa n'chakuti angathe kuyendetsa ofesi. Choncho chikwangwani chotipatsa malo a wovina chikhoza kukhala chosindikizidwa dzulo, koma maganizo ali m'mwemo ndi omwe aja.

Mfundo yachiwiri imati tikungochulutsa gaga m'diwa. Chikwangwani si buku la kusukulu, kampani ikufuna ndalama basi, ndipo imaika chimene ogula akufuna kuona. Zoonadi, kampani ikufuna ndalama. Koma kunena kuti otsatsa malonda amangotsatira zokonda zathu n'kuiwala chifukwa chimene amatayira ndalama zambiri chotere pa ntchitoyi. Amafuna kuumba zokonda zathuzo. Taganizirani za mtsikana woyera mbee uja. Mu mzinda uno atsikana ambiri ndi akuda, ena akuda bii, okongola osaneneka. Nanga n'chifukwa chiyani amene amasankhidwa kuimira foni yamakono nthawi zambiri amakhala woyererako kuposa onse? Ndipo sizithera pachikwangwani. Tulutsani foni yatsopano m'bokosi, tsegulani kamera yakutsogolo. Mafoni ambiri amabwera fyuluta yokongoletsa nkhope itayatsidwa kale, imasalaza khungu n'kuliwalitsa mwini wake asanapemphe. Mu 2017 eni pulogalamu ya FaceApp anapepesa pagulu chifukwa fyuluta yawo yoti munthu aoneke wokopa inkayeretsa khungu la anthu akuda. Tsono mtsikana wa Fomu 3 amene tsiku ndi tsiku akuona nkhope yake itasinthidwa chonchi, kenaka n'kudutsa pa mabenchi a mumsika pamene aunjika mafuta oyeretsa khungu, tinganene kuti palibe chimene waphunzira? Azakhali ake amamuuza kuti ndi wokongola mwa apo ndi apo, koma foni imamuuza zosiyana nazo nthawi iliyonse akaitsegula. Ena mwa mafutawo muli mercury, amene amawononga impso, ndi mankhwala ena amene amaonetsa zipsera pakhungu patapita zaka. Sindikunena kuti otsatsa mafoni ndiwo anayambitsa mchitidwe woyeretsa khungu. Unalipo agogo athu ali atsikana. Ndikunena kuti akuukoleza moto, ndipo sangadzikhululukire ponena kuti iwo akungogulitsa.

Tsopano ndifike pa funso lachiwiri lija, lomwe kwa ine ndilo lalikulu. Aliyense amene anajambulapo pa ukwati madzulo, mu holo ya magetsi ochepa, akuzidziwa izi. Diresi la mkwatibwi limatuluka bwinobwino mpaka timaluwa ta m'mphepete, keke ikuoneka, mabaluni akuoneka, koma nkhope ya mkwati yasanduka mdima, mumangoona mano ndi kolala ya shati. Anthu amaseka n'kunena kuti, "Alamu, mwada kwambiri, taimani powala." Timaimba mlandu khungu pamene nkhani ili pa amene anatchera kamera. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lotchedwa Shirley, kuti aziyezera mitundu. Khungu la mayiyo ndilo linali muyeso wa chithunzi chabwino. Ofufuza mbiri imeneyi amafotokoza kuti china chimene chinakakamiza kusintha chinali madandaulo a opanga chokoleti ndi mipando ya matabwa, amene ankati katundu wawo woderapo sakuoneka bwino pazithunzi. Ana akuda anakhala akuzimiririka pa zithunzi za kusukulu kwa zaka zambiri, koma chokoleti ndiye anamveka msanga.

Chizolowezi chimenechi chinawoloka nacho kulowa m'makompyuta. Mu 2009 kanema wina anafalikira pa intaneti woonetsa kamera ya kompyuta ya HP ikutsatira bwinobwino nkhope ya mayi wachizungu, koma ikulephera kuona mnzake wakuda wogwira naye ntchito. Mu 2015 pulogalamu ya Google Photos inalemba anthu akuda awiri kuti ndi anyani a mtundu wa gorila. Mu 2018 ofufuza awiri, Joy Buolamwini, amene makolo ake ndi a ku Ghana, ndi Timnit Gebru, wobadwira ku Ethiopia, anayesa mapulogalamu a makampani atatu ozindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena ya mkazi. Pa amuna oyera mapulogalamuwo sankalakwitsa ngakhale kamodzi pa 100, koma pa amayi akuda kulakwitsa kunkafika pafupifupi 35 pa 100. Chifukwa chake sichovuta kumvetsa: pulogalamu imaphunzira pa zithunzi zimene yapatsidwa, ndipo amene anasonkhanitsa zithunzizo anatenga zambiri za anthu ofanana ndi iwo eni. Palinso kachipangizo kopana chala koyeza mpweya m'magazi, kamene tonse tinakadziwa nthawi ya Covid-19. Kamagwira ntchito podutsitsa kuwala pachala, ndipo khungu lakuda limatha kukasokoneza. Kafukufuku wa ku University of Michigan wa mu December 2020 anapeza kuti kankalephera kuzindikira kuchepa kwa mpweya mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Apa nkhani yachoka pa kuoneka bwino, yafika pa namwino amene akuona nambala yabwino pomwe wodwala akubanika. Ndiye munthu akandiuza kuti ndisangalale chifukwa pachikwangwani pali mnyamata wakuda, ndimakumbukira mawu a akuluakulu akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mfundo yachitatu ndi yamphamvu kuposa zinazo, ndipo iyenera kuyankhidwa mwachilungamo. Anzanga amati zimenezo n'zakale, zinthu zinasintha. Amatchula Tecno, itel ndi Infinix, mafoni amene adzaza m'masitolo a m'tawuni muno. Onsewa ndi a kampani imodzi ya ku Shenzhen m'dziko la China yotchedwa Transsion, imene inakonza makamera ake kuti azijambula bwino khungu lakuda. Amatchulanso Google, imene mu 2021 inatulutsa Pixel 6 ndi luso lotchedwa Real Tone, kenaka mu 2022 n'kuyamba kugwiritsa ntchito muyeso wa mitundu 10 ya khungu wokonzedwa ndi Ellis Monk wa ku yunivesite ya Harvard. Zonsezi n'zoona ndipo n'zabwino. Koma mukaziyang'anitsitsa zikuikira umboni mbali yanga. Transsion sinagonjetse msika wa mu Africa ndi zithunzi za ovina. Inaugonjetsa chifukwa inafunsa mmene timakhalira. Inaona kuti munthu amayenda ndi ma SIM awiri, monga timachitira kuno ndi Airtel ndi TNM, n'kuika malo awiri. Inaona kuti magetsi amathima, n'kuika batire lokhalitsa. Inaona kuti nkhope zathu zimazimiririka, n'kukonza kamera. Kumeneko ndiko kuwerengera munthu, ndipo kumachitikira mwa mainjiniya, osati mwa ojambula zikwangwani. Komanso kusinthaku sikunagwe kumwamba. Kunabwera chifukwa anthu ena anadandaula mokweza, anayesa, anaonetsa manambala, pa nthawi imene ena ankawauza kuti akukokomeza. Amene akutiuza lero kuti tikhale chete akutiletsa chinthu chomwecho chimene chinabweretsa kusintha kumene akunyadira.

Ndipo ngakhale pa mafoni abwinowa, tiyeni tione pamene munthu wakuda waima pa ulendo wonse wa chipangizocho. Cobalt, mwala wa m'migodi umene amapangira mabatire, woposa theka la wa dziko lonse amachokera ku Democratic Republic of Congo, ndipo wina amakumbidwa pamanja m'maenje oopsa. Mu January 2023 magazini ya Time inaulula kuti achinyamata a ku Nairobi ankalipidwa ndalama zosakwana madola 2 pa ola kuti aziwerenga ndi kusanja zolemba zonyansa pothandiza kuyeretsa ChatGPT, pulogalamu ya kompyuta yoyankha mafunso ngati munthu. Tili ku mgodi, tili pa ntchito yotsika mtengo, tili pachikwangwani, tili pa kauntala tikulipira. Pakati, pamene pamagawidwa phindu lalikulu, ndi pomwe tikusowa.

Mfundo yachinayi ndimaimva kwa achikulire, ndipo amainena ndi mtima wabwino. Amati nkhani ya mtundu wa khungu ndi ya ku America ndi ku South Africa. Kuno pafupifupi tonse ndife akuda, ndipo mavuto athu enieni ndi mtengo wa mabando, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kwacha imene inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndikuvomera kuti mavutowo ndi aakulu. Koma yang'anitsitsani mnyamata wa pachikwangwani uja. Kodi ndi wa ku Zolozolo? Kavalidwe kake, kaimidwe kake, nsapato zake, nyumba zitalizitali za kumbuyo kwake, zonse zikunena za New York kapena Johannesburg. Ngakhale ukuda umene akugulitsa ndi woitanitsa kunja. Uthenga wake kwa wachinyamata wa kuno ndi wakuti ukhoza kukhala wakuda n'kukhala wotsogola, pokhapokha usaoneke ngati wa kuno. Apa tsankho la khungu lakumana ndi tsankho lathu lomwe la tawuni ndi kumudzi, m'dziko limene anthu oposa 80 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Ndipo zikukhudza thumba. Wachinyamata amene amabwereka ndalama kuti agule iPhone yakale ya batire lotha, pomwe pa mtengo wochepa akanapeza foni yatsopano yomuthandiza pa geni yake, sanagule chipangizo, wagula malo pagulu. Pa ndalama imene ikuvuta kupeza masiku ano, kumeneko n'kuluza kwenikweni.

Taonaninso amene amagwiritsadi ntchito foni mwanzeru mu mzinda uno. Mayi wa ku msika wa Taifa amalandira zithunzi za zitenje pa WhatsApp kuchokera ku Tanzania, amasankha, amatumiza ndalama, katundu n'kumupeza asanapite ku Songwe. Wogula usipa amaimbira ku Nkhata Bay m'mamawa kufunsa mtengo asanawononge ya thiransipoti. Mtsikana wa pa kanyumba ka Mpamba ndi Airtel Money amagwira mafoni awiri ndi kope limodzi, akuwerengera ndalama za anthu ambirimbiri osasokoneza ngakhale tambala. Ndipo pali anyamata okonza mafoni kuseri kwa msika. Mukaima pa benchi lawo mudzaona mmodzi watsegula foni, tizitsulo tomangira wandandalika pa kapepala kuti kasasowe ngakhale kamodzi, diso lili pa galasi lokulitsa, akuwotcherera kawaya kopyapyala kuposa tsitsi. Foni imene eni ake anaipanga kuti ikawonongeka itayidwe, iye amaidzutsa. Munthu ameneyu amaidziwa m'kati foni ija kuposa wovina wa pachikwangwani, koma palibe amene amamujambula, chifukwa m'maso mwa otsatsa malonda iyeyo si wa swaga.

Pali ena amene amati zonsezi ndi nsanje ya anthu amene unyamata unawadutsa, ndipo achinyamata asiyidwe asangalale. Kutchena ndi kuvina palibe cholakwika, ndipo palibe amene akufuna zikwangwani za nkhope zokwinya. Vuto ndi pamene chisangalalo chasanduka ntchito yokhayo imene munthu wakuda amapatsidwa. Wachinyamata yemweyo amene amavina Loweruka ndi amene Lolemba ali mu labu ya makompyuta ku Mzuni akulemba pulogalamu. Chikwangwani chimaonetsa theka limodzi la moyo wake n'kubisa linalo.

Anthu oti tiwaonetse tili nawo. William Kamkwamba anapanga makina a mphepo opanga magetsi ku Wimbe m'boma la Kasungu kuchokera ku zitsulo zotayidwa ali mnyamata wamng'ono. Rachel Sibande anakhazikitsa mHub, malo othandizira achinyamata pa luso la makompyuta, ku Lilongwe. Ku Kasungu komweko kunatsegulidwa malo oyesera madironi, tindege touluka popanda munthu m'kati, mu 2017, ndipo mu 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Kuno tili ndi Mzuzu E-Hub ndi ophunzira a ICT a ku Luwinga. Zikwangwani zazikulu zimakonzedwa kutali, n'zoona, koma timapepala ta pakhomo la sitolo, zithunzi za pa Facebook ndi mauthenga a pawailesi zimakonzedwa kuno, ndi ana athu amene. Wojambula wa mu Mzuzu akapatsidwa ntchito yotsatsa sitolo ya mafoni amakhala ndi mwayi wosankha: kukopera pa intaneti chithunzi cha mtsikana woyera wa kutali, kapena kutenga kamera n'kupita ku Taifa. Ambiri amakopera chifukwa n'zachangu ndiponso chifukwa mwini sitolo amaopa kuti nkhope ya kuno itsitsa katundu. Mantha amenewo ndi amene tiyenera kukambirana poyera, chifukwa mzungu sali nawo m'sitolomo pamene chisankhocho chikuchitika.

Nafenso ogula tili ndi mbali yathu, ndipo siifuna ndalama. Musanalipire foni, pemphani wogulitsa akujambuleni m'kati mwa sitolo momwemo, osati panja padzuwa. Muuzeni azimitse fyuluta yokongoletsa. Imani pafupi ndi khoma loyera, ndipo ngati mwabwera ndi mnzanu woyererako imani naye limodzi. Kenaka yang'anani ngati nkhope yanu yatuluka ndi mtundu wake weniweni, osati mdima ndiponso osati yotuwa. Ikalephera, muuzeni wogulitsayo chifukwa chimene mukuisiyira, ndipo mumupemphe akauze amene amamupatsa katundu.